Mphika wa M'chisanu: Mmene Amayi Akale Ankadyetsera Mabanja pa Nyengo Yozizira

Pamene tikukumbukira zaka zimene bungwe lathu la amayi layenda, nkoyenera kuti tikumbukirenso mbiri ya mphika, pakuti amayi amene adatitsogolera adali alimi ndi ophika asanakhale atsogoleri a misonkhano. M'nkhani ino tiona mmene iwo ankadyetsera mabanja awo pa nyengo ya chisanu, kumene zakudya zawo zidachokera, ndi nzeru zimene ankasungira ndiwo za kumunda ndi za kutchire kufikira miyezi youma.

Chisanu kwathu kuno chimayamba mu Meyi, chimakula mu Juni ndi Julayi, ndipo chimatha mu Ogasiti. Ku nyanja kumaomba mwera. Ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Blantyre kumagwa chiperoni, kamvula kowaza kodza ndi nkhungu, kamene kadatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Ku mapiri a Dedza ndi Ntcheu, ndiponso ku Viphya ndi ku Nyika, masiku ena chisanu chimawaula masamba m'madambo. Pa miyezi imeneyi nkhokwe zimakhala zodzaza chifukwa anthu angokolola kumene, koma minda imakhala itauma. Choncho vuto la mayi wa m'mudzi pa chisanu kawirikawiri lidali ndiwo, ndipo mayi amene sadakonzekere mvula ikugwa ankadyetsa ana ake nsima yosusa mchere.

CHIMANGA CHISANABWERE

Ambiri a ife timaganiza kuti makolo athu ankadya nsima ya chimanga chiyambire. Sichoncho ayi. Mbewu zakale za dziko lino ndi mapira, mawere ndi mchewere, pamodzi ndi nzama, khobwe, mphonda, zilazi ndi buye. Chimanga, chinangwa, mbatata, mtedza, nyemba, tomato, tsabola ndi maungu ambiri amene timalima lero, kwawo ndi ku America. Zidawoloka nyanja pambuyo pa chaka cha 1492, ndipo zambiri zidafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi. Apwitikiziwo adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi cha m'ma 1530, ndipo ankachita malonda ndi anthu a ufumu wa Maravi. Mbewu zatsopanozo zidayenda pang'onopang'ono m'njira za malonda, mudzi kupatsa mudzi unzake.

Pamene Dr. David Livingstone adakwera ku mapiri a Shire mu 1859, adapeza Amang'anja akulima mapira, mawere, nyemba, mtedza, maungu, chinangwa, mbatata ndi chimanga, zonse pamodzi. Chimanga chidali mbewu imodzi mwa zambiri. Chidadzakhala mfumu ya m'nkhokwe m'madera ambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Zifukwa zake ndi zodziwika: chimanga chimacha msanga, chimabereka kwambiri pa nthaka yabwino, ndipo makoko ake amachiteteza ku mbalame, pamene munda wa mapira umafuna ana oingitsa mbalame tsiku lonse. Komabe mapira sadachoke ku chigwa cha Shire kumene mvula ndi yochepa, ndipo mawere adatsala m'nyumba zambiri chifukwa cha chimera.

Mitundu ya anthu imene idalowa m'dziko muno idabweranso ndi kadyedwe kake. Angoni, amene gulu lawo loyamba lidawoloka Zambezi mu 1835, adali anthu a ng'ombe, odziwa chambiko ndi uwende. Alomwe, amene adalowa ambiri kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, adadziwika ndi chinangwa, nandolo ndi kalongonda. Mbatata ya kachewere idadza ndi Azungu, ndipo idakonda nthaka yozizira ya ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mphika wa m'chisanu umene tidaupeza kwa agogo athu udali kale msonkhano wa zakudya zochokera kutali ndi zapafupi.

MFUTSO NDI CHIKWATU

Ntchito yokonzekera chisanu inkayamba mu Febuluwale ndi Malichi, masamba adakali anthete. Mayi ankapita kumunda ndi dengu kukathyola chitambe, khwanya ndi mkhwani. Pobwerera ankatolanso ndiwo zomera zokha, monga bonongwe, chisoso, luni, denje ndi chewe. Akafika kunyumba ankasankha masambawo, kuwafutsa pang'ono m'madzi owira, kenaka kuwayanika pa mphasa kapena pa thanthwe masiku awiri kapena atatu mpaka atauma gwa. Masamba a therere ambiri ankawayanika osawiritsa, nkuwasinja kuti akhale ufa.

Kufutsako kuli ndi chifukwa chake. Masamba ongoyanika osawiritsa amafumbutuka msanga ndipo ena amasintha fungo, pamene ofutsa amasunga mtundu ndi kukoma kwake miyezi yambiri. Akatswiri a zakudya a masiku ano adapezanso kuti masamba oumitsidwa pamthunzi podutsa mphepo amasunga vitamini A wochuluka kuposa oumitsidwa padzuwa loswa mtengo.

Mfutso ukauma ankaukulunga m'chikwatu. Chikwatu ankachipanga ndi masamba akuluakulu, makamaka a msuku, owalumikiza bwino ndi kuwamanga ndi luzi mpaka chitakhala chobulungira ngati dzungu. Ankachipachika kudenga pamwamba pa mafuwa, pamene utsi unkathamangitsa tizilombo ndiponso chinyontho sichinkafika. Mlendo wolowa m'nyumba ankangoyang'ana kudenga nkudziwa ngati mwini nyumbayo ndi mayi wakhama. Mtsikana wokwatiwa kumene amene denga lake lidali mbee ankalangizidwa ndi apongozi ake kapena anamkungwi.

Pophika, mayi ankaboola chikwatu, kutapa dzanja limodzi kapena awiri, kuviika m'madzi ofunda, ndi kuwiritsa mpaka utafewa. Kenaka ankathira mchere ndi nsinjiro, nkutakasa ndi mthiko kuti thendo ligwirane. Mtedza umakololedwa mu Epulo ndi Meyi, choncho nsinjiro inkapezeka pa nthawi yake yeniyeni. Mafuta ophikira a m'botolo adalibe, ndipo mafuta amene thupi limafuna pa chisanu ankachokera mu mtedzamo.

Tisaiwale chidulo. Amayi ankatentha zitsononkho, makoko a nyemba kapena a nthochi, kuika phulusalo m'chiwiya chobowoka pansi, ndi kuthiramo madzi kuti adonthere m'mbale. Madzi ochezedwa choterewa ankafewetsa masamba okhwima ndi kuchititsa therere kunanda. Pambuyo pake soda wa m'sitolo adalowa m'malo mwake. Lero tikudziwa kuti chidulo kapena soda zikachuluka zimaononga mavitamini ena a m'masamba, choncho muyezo wake ndi wofunika.

BOWA NDI CHINAKA

Bowa ndi wa m'dzinja, koma mayi wanzeru ankamudya ndi mu Julayi momwe. M'nkhalango za mitengo ya msuku, mombo ndi tsamba mumamera manyame, ndelema ndi chipindi, ndipo pa zulu pamamera utale ndi nyonzwe. Atsikana ankaphunzira mayina ndi maonekedwe a bowa poyenda pambuyo pa amayi awo mmamawa, ndipo lamulo lidali limodzi: bowa amene sukumudziwa usazule. Wotsala pa chakudya cha tsikulo ankamuwiritsa pang'ono, kumuyanika, ndi kumusunga mu mtsuko kapena m'chikwatu. Bowa wouma wotendera, wodyera nsima yotentha usiku wozizira, ambiri a ife tikumukumbukira kufikira lero. Bambo Brian Morris, amene adafufuza za bowa wa dziko lino, adasindikiza buku la bowa wa m'Malawi mu 1987, ndipo zambiri za m'bukumo adaziphunzira kwa amayi a m'midzi.

Chinaka, chimene ena amati chikande, ndi timbatata ta maluwa a kutchire omera m'madambo ndi m'mapiri ozizira. Timakumbidwa mvula ikatha, maluwa ake atafota. Amayi ankatitsuka, kutisinja mu mtondo, ndi kutiphika ndi chidulo ndi mchere, ena nkuonjezera nsinjiro ndi tsabola. Ankavundula mpaka chitalimba, nkuika makala pa chivundikiro kuti chipse ndi pamwamba pomwe. Chikazizira chimadulika ndi mpeni ngati chiwindi, ndipo pa nyumba yopanda nyama chinkalowa m'malo mwa nyama. Kale mayi ankakumba zokwanira mphika wake. Malonda a chikande atakula m'mizinda ya ku Zambia, okumba adafika mpaka ku mapiri a kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Malawi, ndipo maluwawo adayamba kusowa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene boma la Tanzania lidakhazikitsira malo otetezedwa a Kitulo mu 2005.

ZOKHUTITSA ZA MMAWA NDI MADZULO

Mmawa wa chisanu mwana sankapita kubusa kapena kusukulu ndi mimba yopanda kanthu. Futali ndiye adali mfumu ya kadzutsa: mbatata, dzungu kapena chinangwa chophikidwa mpaka kufewa, chothira nsinjiro ndi kamchere. Mbatata imakumbidwa kuyambira Epulo, ndipo amayi ankaisunga m'nkhuti yothira phulusa kuti ifike mu Ogasiti. Maungu okhwima ankawaunjika pamthunzi pansi pa nkhokwe. Masiku ena kunkakhala phala la mgaiwa lotendera, masiku ena mkute wootcha pa makala, kapena chigumu cha ufa wa mgaiwa ndi nthochi zakupsa, chophikidwa mu mphika wa makala pansi ndi pamwamba.

Ndiwo za mtundu wa nyemba zinkapsa pang'onopang'ono pa chikuni chimodzi, ndipo moto womwewo unkafunditsa nyumba. Nzama, khobwe ndi nyemba zinkatereka mmawa nkudzapsa dzuwa litapendeka. Chipere ankachikonza pochotsa makoko a nyemba kapena khobwe ndi kuzipondereza mpaka zitasalala, ndipo chinkakomera nkhalamba zopanda mano ndi ana omwe. Ku Mwera nandolo amayamba kucha mu Julayi, ndipo makata ake, ophikidwa ndi makoko omwe, anthu ankasenda ali chikhalire pamoto. Kalongonda yekha ndiye ankafuna kuleza mtima, chifukwa amawiritsidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo asanadyedwe. Anthu a m'mbali mwa nyanja, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, ankadya kondowole ndi usipa kapena utaka wouma, ndipo ankadziwa kuti chinangwa chowawa chiyenera kuviikidwa masiku angapo kuti ululu wake uchoke.

Ankhuli ya m'chisanu inkachokeranso kutchire. Akatha kukolola, anyamata ankakumba mbewa m'minda, kuziwiritsa ndi mchere ndi kuziwamba pa mpani. Ngumbi zogwidwa m'dzinja, zokazinga ndi kuuma bwino, zinkasungika mu mtsuko. Matemba a ku Chilwa ankayenda mitunda yaitali pa mitu ya anthu ndi pa njinga, ndipo nyanjayo itaphwa mu 1968 mabanja ambiri a ku Zomba ndi madera oyandikana nawo adaona kusowa kwake.

Chakudya chikatha, banja linkaotha moto. Agogo ankakazinga chimanga kapena mtedza pa phale, mbatata ili m'phulusa, ana akuyankha kuti tili tonse. Nthano ndi zilape zambiri zimene timadziwa tidaziphunzira pa nyengo imeneyi, ntchito ya kumunda itachepa.

THOBWA NDI ZAKUMWA ZINA

Chakumwa chachikulu cha makolo athu ndi thobwa, limene ku Mpoto amati chindongwa. Chinsinsi chake ndi chimera. Mayi ankaviika mawere, mapira kapena chimanga tsiku limodzi, kuzivundikira ndi masamba m'dengu masiku atatu kapena anayi mpaka zitamera, kuziyanika, ndi kuzipera pa mphero. Tsiku lophika ankaphika phala lambiri mu nkhali, nkulisiya kuti lipole kufikira chala chitha kupirira. Pamenepo ndi pamene ankathira chimera. Phala lolimba lija linkasungunuka nkuyamba kutsekemera lokha, chifukwa chimera chili ndi mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga. Phala likatentha kwambiri mphamvuyo imafa, ndipo nchifukwa chake amayi ankayesa ndi chala. Kenaka ankaliwiritsanso, kulithira mu mtsuko, ndi kuligoneka usiku umodzi. Mmawa wozizira ankalitenthetsa pang'ono, ndipo chikho chimodzi chinkamufikitsa munthu masana.

Thobwa lidali la pa dima, la pa ukwati, la pa maliro ndi la mlendo wodutsa. Amishoni atafika, ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876 ndi ku Mvera mu 1889, mipingo imene adayambitsa idaletsa akhristu ake kufulula ndi kumwa mowa. Thobwa, limene limamwedwa lisanasase, lidatsala ngati chakumwa chimene aliyense angamwe mosachita manyazi. Nchifukwa chake kufikira lero msonkhano wa amayi sutha popanda ndowa za thobwa.

Mitengo ya kutchire inkapatsanso zakumwa zake, ndipo yambiri imabereka pa chisanu pomwepa. Malambe a ku chigwa cha Shire, ku Mangochi ndi ku Salima ankawaswa, kuviika ufa wake m'madzi, ndi kusefa. Madziwo ankamwa kapena kuphikira phala lowawasa limene odwala ankalikonda. Ufa wa malambe uli ndi vitamini C wambiri. Bwemba ankamuviika chimodzimodzi. Masawu a ku chigwa ankawayanika nkuwasinja kuti azithira m'phala. Chidede, chimene masamba ake ndi ndiwo, makoko ake ofiira akawiritsidwa amatulutsa chakumwa chowawasa bwino. Chotsekemeretsa chidali uchi ndi nzimbe, ndipo munthu wa chifuwa ankamupatsa madzi otentha a mandimu ndi uchi.

Tiyi ndi mlendo wa posachedwa. Adayesedwa koyamba ku mishoni ya Blantyre mu 1878, ndipo Henry Brown adayamba kumubzala ku Mulanje mu 1891. Kwa zaka zambiri adali mbewu yotumiza kunja ndi chakumwa cha Azungu ndi anthu a pa ntchito. Shuga adayamba kupangidwa ku Nchalo mu 1966, ndipo ku Dwangwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kuyambira pamenepo kapu ya tiyi ndi buledi zidayamba kukankha futali ndi thobwa pa kadzutsa, poyamba m'tauni, kenaka m'midzi.

PAMENE NZERU ZA AMAYI ZIDALEMBEDWA

Mu 1938 ndi 1939 boma la atsamunda lidachita kafukufuku wa kadyedwe ka anthu a m'Nyasaland, motsogozedwa ndi Dr. B. S. Platt. Ofufuzawo adakhala m'midzi ya m'boma la Nkhotakota monga lidalili pa nthawiyo, wina wa kumapiri, wina wa m'tsinde mwa mapiri ndi wina wa kunyanja, ndipo ankayeza chakudya cholowa mu mphika nyengo ndi nyengo. Mmodzi wa iwo adali mayi, Jessie Barker, amene atakwatiwa adatchedwa Jessie Williamson. Iye adakhala pansi ndi amayi a m'midzi, kufunsa dzina la tsamba lililonse, kumene limamera ndi kaphikidwe kake. Buku lake la zomera zothandiza za dziko lino lidasindikizidwa ku Zomba mu 1955, ndipo lidatulukanso lokonzedwa mu 1975. Ophunzira a zaulimi ndi a zakudya akhala akuliwerenga kuyambira pamenepo. Tikamaliona tizikumbukira kuti aphunzitsi ake adali amayi onga agogo athu, ambiri a iwo osadziwa kulemba dzina lawo.

NJALA YA 1949

Nzeru za kutchire zidayesedwa kwambiri pa njala ya 1949. Mvula idadula mbewu zili zazing'ono, makamaka m'chigawo cha Kumwera, ndipo pofika chisanu cha chaka chimenecho nkhokwe zambiri zidali zopanda kanthu. Njala idafika poipa kumapeto kwa 1949 ndi kumayambiriro kwa 1950. Boma lidaitanitsa chimanga kunja ndi kutsegula malo odyetserako anthu ofooka, koma thandizolo silidafikire aliyense pa nthawi yake. Amuna ambiri adachoka kukafuna chakudya kapena ntchito, ena osabwerera, ndipo ana adatsala m'manja mwa amayi.

Amayiwo adatembenukira ku zimene adaphunzira ali atsikana. Adakumba mpama, chilazi cha kutchire chokhala ndi ululu, chimene chimafuna kusenda, kuwiritsa ndi kutaya madzi mobwerezabwereza. Amene adachita changu chifukwa cha kulira kwa ana, kapena amene sadadziwe kakonzedwe kake, adadwala ndipo ena adafa. Ku madambo a chigwa cha Shire anthu adavuula nyika pansi pa madzi. Ena adasinja njere za udzu, ena adaphika gaga amene kale ankapatsa nkhuku. Mayi Megan Vaughan, amene adacheza ndi amayi a m'boma la Blantyre za njala imeneyi, adasindikiza buku lake mu 1987, ndipo adapeza kuti mbiri yake idasungika kwambiri m'nyimbo zimene amayi ankaimba posinja. Njala ya 2002 itagwa, mizu yomweyo idakumbidwanso, ndipo kudamvekanso za anthu odwala chifukwa chodya zimene sankazidziwa bwino.

ZIMENE ZASINTHA

Zambiri zasintha ndipo zina zasintha bwino. Chigayo chidapeputsa ntchito ya mtondo ndi mphero. Madimba a kabichi, repu, mpiru ndi tomato amatipatsa ndiwo zaziwisi mu Juni ndi Julayi, zimene agogo athu sankaziona kawirikawiri. Koma ndiwo za kudimba zimafuna madzi, feteleza ndi mankhwala, ndipo za pamsika zimafuna ndalama tsiku ndi tsiku. Pamene nkhalango zatha ndi nkhwangwa ndi makala, manyame ndi ndelema nazonso zapita, pakuti bowa ameneyu amamera pa mizu ya mitengo yachilengedwe ndipo samera m'munda wa bulugamu. Msuku ukadulidwa, tsamba la chikwatu lasowa. Ndipo ana ambiri okulira m'tauni amayesa mfutso ndiwo za anthu osauka, chonsecho m'masitolo akuluakulu madzi a malambe akugulitsidwa m'mabotolo.

Amayi anzanga, akulu adati mawu a akulu akoma akagonera. Pakati pathu alipo amayi achikulire amene amadziwa kumanga chikwatu, kucheza chidulo, kumeretsa chimera ndi kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha. Nzeru zotere zimaphunziridwa ndi manja, poona ndi pochita, ndipo mwini wake akapita osaphunzitsa wina zimapita naye. Nthambi iliyonse ingathe kupatula tsiku limodzi mu Malichi, masamba adakali anthete, kuti achikulire aphunzitse atsikana ndi amayi achitsikana kufutsa ndi kusunga ndiwo, ndi tsiku lina mu Julayi lodzaphika pamodzi zimene adasungazo. Mayina a ndiwo ndi kaphikidwe kake alembedwe m'buku la nthambi, ndi mayina a amayi ophunzitsawo pambali pake. Amene ali ndi malo asiye msuku, mlambe ndi bwemba ziime, ndipo pokumba chinaka tisiyeko zina m'nthaka kuti chaka chamawa zidzaphukenso.